Kalata Yotseguka: Katundu wa Chipatala Watilemera Ife Olemba Anthu Ntchito

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Zantchito, a Nduna ya Zachuma, akuluakulu a mabungwe a medical aid, eni zipatala zolipira, ndi atsogoleri a bungwe la olemba anthu ntchito la ECAM,

Ndine woyang'anira za ogwira ntchito pa kampani ina yapakatikati mumzinda wa Blantyre, ndipo mwa ntchito zonse zimene ndimagwira, imene yayamba kundisowetsa tulo ndi yokonza bajeti ya chithandizo cha kuchipatala. Chaka chilichonse timalandira kalata yotiuza kuti ndalama imene timalipirira munthu aliyense pa sikimu ya medical aid yakwera, ndipo chaka chilichonse eni kampani amandiitana kuti ndiwauze kumene ndalama yoonjezerayo ichokere. Pa msonkhano wathu womaliza panatuluka maganizo atatu: kuchotsa pa sikimu ogwira ntchito a magiredi apansi, kuchepetsa chiwerengero cha ana amene munthu angalembetse, kapena kutsitsira aliyense ku sikimu yotsika mtengo imene malire ake amatha chaka chisanafike pakati. Ndinapempha kuti andipatse nthawi, ndipo kalatayi ndikuilemba m'nthawi yopemphayo, chifukwa mayina a anthu amene angachotsedwewo ndimawadziwa onse. Ndi alonda, onyamula katundu, okonza m'maofesi ndi madalaivala, anthu amene malipiro awo sangakwanitse ngakhale usiku umodzi m'chipatala cholipira.

Eni kampani si anthu ouma mtima, ndipo nkofunika kuti mumvetse chifukwa chimene lumo limayambira pa chipatala. Lamulo la penshoni limatikakamiza kuika 10 peresenti ya malipiro a munthu ku thumba lake la penshoni komanso kumugulira inshulansi ya moyo. Levi ya TEVET, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, timalipira, misonkho timalipira, ndipo munthu akavulala pa ntchito lamulo la chipukuta misozi limatimanga. Koma palibe lamulo lotikakamiza kulipirira wantchito sikimu ya chipatala pa matenda amene sanabwere chifukwa cha ntchito. Tsono zinthu zikathina, ndalama yokhayo imene kampani ingadule popanda kuswa lamulo ndi imeneyi, ndipo ikadulidwa amayamba kugwa ndi amene alibe mawu pa msonkhano wa mabwana. Chimene ndikufuna kunena m'kalata muno nchakuti njira imeneyi siichepetsa mtengo wa matenda ngakhale pang'ono. Imangousamutsa kuchoka m'buku limene eni kampani amawerenga kupita m'matumba a anthu osauka, kenako umabwereranso ku kampani komweko podzera khomo lina.

Khomo linalo ndimaliona ndi maso anga. Wantchito amene alibe khadi ya sikimu akadwala amadzuka mbandakucha kukaima pa mzere ku chipatala chaching'ono cha boma ku Ndirande kapena ku Limbe, amaonana ndi dokotala dzuwa litapendeka, ndipo kawirikawiri amatuluka ndi kapepala kokha komuuza kuti akagule mankhwala ku famase. Tsiku lantchito latha. Mawa lake amabwera ku ofesi kwanga kudzapempha adivansi, ndipo ndikamukaniza amapita kwa akatapila, kumene ngongole ya mankhwala a sabata imodzi imasanduka goli la miyezi isanu ndi umodzi. Matendawo akakula, lamulo la ntchito la 2000 limamupatsa munthu amene wagwira chaka chathunthu masabata anayi a tchuthi chodwala pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, ndipo nthawi yonseyo timafunika kupeza wina womugwirira ntchito. Zikafika poipa, kampani imagula bokosi, imapereka galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi, ndipo imayamba kuphunzitsa munthu watsopano ntchito imene malemuyo anaidziwa kwa zaka khumi. Ndalama zonsezi sizilembedwa pa mzere wa chipatala m'bajeti, nchifukwa chake ena amaganiza kuti apulumutsa kanthu.

Gwero loyamba la kukwera kwa mitengoku tonse tikulidziwa. Pafupifupi chilichonse chimene chipatala chimagwiritsa ntchito chimachokera kunja: mankhwala ambiri, majakisoni, magolovesi, zoyezera magazi m'labotale, ngakhale zitsulo zokonzera makina akawonongeka. Makampani ochepa amene amapanga mankhwala m'dziko muno nawonso amaitanitsa zopangira zake kunja. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kuonjezera apo, woitanitsa mankhwala amene wadikira miyezi ku banki osapatsidwa ndalama zakunja amakazipeza kwina pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo umenewo ndi umene umafika pa lisiti ya wodwala. A Nduna ya Zachuma, pempho langa kwa inu ndi ku Banki Yaikulu nlakuti oitanitsa mankhwala ofunikira aziikidwa patsogolo pogawa ndalama zakunja, monga mmene zimakhalira ndi mafuta a galimoto ndi feteleza, ndipo amene wathandizidwa chotero azionetsa poyera mtengo umene wagulitsira mankhwalawo, kuti phindu la thandizolo lifike kwa wodwala.

Koma kugwa kwa kwacha sikungafotokoze zonse, ndipo apa mpamene ndikufuna kukhalitsa. Ine amene ndimasaina cheke cha sikimu mwezi ndi mwezi sindipatsidwa mndandanda wa mitengo imene zipatala zimalipiritsa. Anthu athu awiri anadwala malungo mwezi umodzi, mmodzi anapita ku chipatala china, mnzake ku china, ndipo mabilu awo anasiyana ngati kuti anadwala matenda osiyana. Pa bilu yokwerayo panali mayeso angapo amene wodwalayo sanauzidwe chifukwa chake, ndi mankhwala ena oonjezera pamwamba pa mankhwala a malungo. Nditafunsa, ndinauzidwa kuti zimenezo ndi za pakati pa dokotala ndi wodwala. Chinsinsi cha wodwala ndimachilemekeza ndi mtima wonse, ndipo sindifuna kudziwa kuti wantchito uje akudwala chiyani. Koma mtengo wa kuyeza malungo si chinsinsi cha wodwala aliyense. Palibe katundu wina amene kampani yathu imagula popanda kudziwa mtengo wake, ndipo ngakhale pogula matayala timafuna makoteshoni atatu tisanatulutse ndalama.

Pamene chipatala chikulipidwa pa chinthu chilichonse chimene chachita, mayeso aliwonse, jakisoni aliyense, usiku uliwonse wogona, yesero loonjezera zochita limakhalapo ngakhale kwa dokotala wachilungamo, makamaka akaona kuti wodwala watulutsa khadi. Mbali inayi, zipatala nazo zili ndi dandaulo lomveka, lakuti mabungwe a medical aid amachedwa kulipira, ndipo kwacha ikamagwa, ndalama yolipidwa patatha miyezi siigulanso mankhwala amene anatuluka pa shelefu. Chipatala chimadziteteza pokweza mtengo kapena pouza wodwala kuti aonjezere ndalama ya m'thumba, imene anthu athu amangoitcha shotifo. Mapeto ake kampani ikulipira zambiri kuposa chaka chatha, wantchito akudulidwa zambiri pa malipiro ake, koma akafika pa windo akuuzidwanso kuti apereke ndalama asanalandire mankhwala. Munthu wotere akabwera kudzandifunsa kuti khadiyi ntchito yake nchiyani, ndimasowa chomuyankha.

Anzathu a ku South Africa anakumana ndi vuto lofanana ndi ili, ndipo kuyambira 2004 anakhazikitsa lamulo lakuti wopanga kapena woitanitsa mankhwala azigulitsa mankhwala aliwonse pa mtengo umodzi wolengezedwa kwa ogula onse amene si boma, ndipo ndalama imene famase ingaonjezerepo ili ndi malire. Wa ku famase amayeneranso kumuuza wodwala ngati pali mankhwala ofanana otsika mtengo. Kumeneko kulinso bungwe lapadera, Council for Medical Schemes, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, kumene membala wa sikimu angakadandaule. Sindikunena kuti chipatala nchotchipa ku Johannesburg, chifukwa abale athu amene ali kumeneko akudziwa kuti sichoncho. Ndikunena kuti wogula kumeneko ali ndi poyambira pofunsa. A Nduna ya Zaumoyo, tili kale ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi loona za madokotala la Medical Council of Malawi. Chimene tikupempha nchakuti pakhale mndandanda wa mitengo yoyenera ya zithandizo zofala, wogwirizanidwa pakati pa zipatala, mabungwe a medical aid ndi oimira olipira, wounikidwanso nthawi ndi nthawi molingana ndi mphamvu ya kwacha, ndipo chipatala chilichonse cholipira chizipachika mitengo yake pamalo oonekera. Pakhalenso masiku oikika amene bungwe la medical aid liyenera kukhala litalipira bilu yovomerezeka, kuti zipatala zisakhale ndi chifukwa chobisalira.

Nkhani ya mankhwala ofanana otsika mtengo ikufunika kulimba mtima kwa madokotala. Anthu athu ambiri amakhulupirira kuti mankhwala a bokosi lokongola lochokera ku Ulaya ndi amphamvu kuposa a ku India, pamene chogwira ntchito m'kati mwake nchimodzimodzi. Umboni tili nawo m'dziko momwe muno, chifukwa ma ARV amene akhala akuperekedwa kwaulere kuyambira 2004 ndipo asunga miyoyo ya anthu ochuluka zedi, ambiri mwa iwo ndi a mtundu wotsika mtengowu. Ngati mankhwala analembetsedwa ndi kuyezedwa ndi PMRA, dokotala alembe dzina la mankhwalawo osati la kampani, ndipo sikimu ilipire mtengo wa otsikawo pokhapokha pali chifukwa cha chipatala chofunira enawo. Izi zikutanthauzanso kuti PMRA ipatsidwe zipangizo ndi anthu okwanira oyendera mafamase, chifukwa chikhulupiriro cha anthu chidzatha tsiku limene adzagule mankhwala achinyengo.

Sindingakhale wachilungamo ndikaloza chala kwa ena okha. Ifenso tili ndi mlandu. Khadi ya wantchito imabwerekedwa kwa mlamu, kwa mwana wa mchemwali, ngakhale kwa mnansi. Ena amagwirizana ndi wa ku famase kuti alembe mankhwala koma atenge mafuta odzola kapena ndalama. Ndimamvetsa kumene khalidwe lobwereketsa khadi limachokera, pakuti kwathu kuno munthu mmodzi wolembedwa ntchito amasenza mudzi wonse, ndipo nkovuta kuyang'ana mwana wa mbale wako akutentha thupi khadi ili m'thumba. Komabe bilu imeneyo imabwerera kwa tonse chaka chotsatira, ndipo amene amachotsedwa pa sikimu chifukwa cha kukwerako ndi mlonda amene sanabwereketsepo khadi yake. Makina ozindikira chala pa windo la chipatala angathandize, ndiponso uthenga wa pafoni wouza membala nthawi yomweyo kuti pa dzina lake palipiritsidwa ndalama zakuti. Koma ndikupemphanso mabungwe a medical aid kuti akonze njira yotsika mtengo yoti munthu azilembetsera makolo ake kapena ana amasiye amene akuwalera, chifukwa banja la Mmalawi silithera pa mkazi ndi ana anayi, ndipo sikimu yosazindikira zimenezi imadzipangira yokha akuba.

Ndalama zochuluka kwambiri, malinga ndi zimene ndaona pa kampani yathu, sizithera pa chimfine kapena malungo. Zimathera pa anthu ochepa amene matenda awo anadziwika mochedwa. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Tinali ndi dalaivala wina wokhulupirika amene sanajombepo ku ntchito chifukwa cha matenda, kufikira tsiku limene anagwa ndi sitiroko akutsuka galimoto. Mapiritsi a BP amene akanamuteteza ndi ena mwa mankhwala otchipa kwambiri m'famase. Chimene tinalipira m'malo mwake ndi masiku ambiri a m'chipatala, mafizo a miyezi, ndipo pamapeto pake anapuma ntchito ana ake akadali pa sukulu. Shuga ndi BP zosasamalidwa zimaononga impso, ndipo munthu akafika pofuna makina osefa magazi kangapo pa sabata, palibe sikimu ya kampani yapakatikati imene ingapirire, pamene makina a ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central ali kale ndi mzere wautali.

Apa ndikulankhula kwa anzanga olemba anthu ntchito. Makina oyezera BP ndi oyezera shuga sadula ngati tayala limodzi la lole. Namwino wobwera pa kampani kamodzi pa mwezi, kuyeza amene akufuna, kulemba zotsatira m'buku limene bwana saliona, ndi kuonetsetsa kuti wopezeka ndi vuto akulandira mankhwala ake mosadukiza, angapulumutse ndalama zoposa zimene tingapeze pochotsa alonda onse pa sikimu. Mawu akuti bwana asaone ndawanena dala, chifukwa wantchito akangoganiza kuti zotsatira zake zikafika ku ofesi ya mabwana ndi kumuchotsetsa ntchito, sadzabweranso kudzayezetsa. Maganizowa si achilendo. Makampani a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndiponso minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, akhala ndi zipatala zawozawo kwa zaka zambiri. Mu 2002 kampani ya migodi ya Anglo American inayamba kupereka ma ARV kwa antchito ake ku South Africa boma la kumeneko lisanayambe, itawerengera kuti kusamala munthu wodziwa ntchito nkotchipa kuposa kumuika m'manda ndi kuphunzitsa wina. Kampani yaing'ono siingamange chipatala payokha, koma mutu umodzi susenza denga: makampani khumi oyandikana ku Makata, ku Chirimba kapena ku Kanengo angathe kulemba namwino ndi dokotala mmodzi pamodzi.

A ECAM, mgwirizano womwewo ndi umene tikufuna pokambirana mitengo. Lero kampani iliyonse imalandira kalata yake ya kukwera kwa sikimu payokha, ndipo ya anthu makumi asanu ilibe mphamvu yokana. Mutatisonkhanitsa, mukhoza kupita kwa mabungwe a medical aid ndi anthu zikwi zambiri kumbuyo kwanu, nkufuna kuti kukweza kulikonse kuzibwera ndi kufotokoza: ndalama zingati zapita ku mankhwala, zingati ku zipatala, zingati kunja kwa dziko, ndipo zingati zathera pa kayendetsedwe ka ofesi za bungwelo. Kampani iliyonse izilandiranso lipoti la mitundu ya matenda amene adya ndalama zake, lopanda mayina a anthu, kuti idziwe poyambira kuteteza. Pa zokambiranazo a MCTU, mgwirizano wa mabungwe a anthu ogwira ntchito, asasiyidwe kunja, pakuti gawo la ndalamazi limadulidwa pa malipiro a mamembala awo.

Za kutumiza odwala ku India ndi ku South Africa ndingonena mwachidule. Ulendo umodzi wotere umadya madola amene akanasamala anthu ambirimbiri, ndipo ndalama iliyonse imene boma ndi eni zipatala angaike pa chithandizo cha khansa, mtima ndi impso m'dziko muno idzatsitsa mtengo wa sikimu kwa tonse.

Pansi pa zonsezi pali chipatala cha boma. Kampani imakakamizika kugula sikimu yodula chifukwa wantchito sakhulupirira kuti akapita ku chipatala chaulere akapeza mankhwala. Mu 2001 mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo, ndipo dziko lathu lakhala likuperewera pa mlingo umenewu zaka zambiri, likudalira abwenzi akunja. Zimene zinachitika kumayambiriro kwa 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, zinationetsa kuti chingwe chimenechi chikhoza kuduka usiku umodzi. Tsiku limene mankhwala a HIV, a TB kapena a malungo adzasowe ku zipatala za boma, odwala onsewo adzatembenukira ku masikimu, ndipo palibe sikimu imene idzaime. Tsono kulipira ngongole za Central Medical Stores Trust, bungwe logula ndi kugawa mankhwala ku zipatala za boma, pa nthawi yake, kutseka mipata imene mankhwala a boma amatulukira kukagulitsidwa m'misika, ndi kulemekeza mapangano ndi zipatala za mipingo za CHAM zimene zimathandiza anthu ambiri akumudzi, ndi nkhani yokhudza olemba ntchito mwachindunji.

Anansi athu a ku Zambia anasankha njira ya inshulansi ya dziko lonse. Lamulo lawo la 2018 linakhazikitsa bungwe la inshulansi ya zaumoyo la NHIMA, kumene wantchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito amaonjezera 1 peresenti ina. Mavuto akumana nawo, makamaka a kuchedwa kulipira zipatala, ndipo tiyenera kuphunzirapo tisanatengere. Koma chimene chimandikopa pa njira imeneyi nchakuti mlonda ndi bwana wamkulu ali m'thumba limodzi, aliyense akupereka molingana ndi malipiro ake, ndipo palibe msonkhano wa eni kampani umene ungamuchotse mlondayo. A Nduna ya Zantchito, nkhani ya inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse yakambidwa kwa nthawi yaitali kuno kwathu. Olemba ntchito ambiri amene ndimacheza nawo sakana kupereka, chimene amaopa ndi kuponya ndalama m'thumba lobooka. Mukatiitana kuti tikhale nawo pa bodi yoyang'anira thumbalo pamodzi ndi oimira antchito, ndipo mabuku ake aziwerengedwa ndi kulengezedwa chaka chilichonse, mudzapeza kuti ambiri tili okonzeka.

Pempho langa lomaliza nlakuti maunduna atatuwa aitanitse msonkhano wa mbali zonse, zipatala zolipira, CHAM, mabungwe a medical aid, PMRA, ECAM ndi MCTU, makalata a kukweza kwa chaka chamawa asanatumizidwe, ndipo nkhani yoyamba kukambidwa ikhale mndandanda wa mitengo ndi masiku olipirira mabilu, chifukwa ziwirizi zingatheke popanda kudikira ndalama zatsopano. Kumbali yanga, ndikubwerera kwa eni kampani yathu ndi pempho lakuti tisachotse munthu aliyense chaka chino, mabwana avomere kutsika giredi imodzi ya sikimu kuti apansi atsalemo, ndipo tiyambe kuyeza BP ndi shuga pa kampani mwezi wamawa, mogwirizana ndi makampani awiri oyandikana nafe. Akavomera, tikhala tapeza chaka chimodzi chokha, ndipo kalata ina ya kukwera kwa sikimu idzatipeza chaka chamawa nthawi ngati yomwe ino.

Ine wanu mwaulemu,

Woyang'anira za ogwira ntchito pa kampani ina ku Blantyre